Chizungu cha Nkhondo Chimene Ndinaphunzira pa Burma Road

Sabata latha ndinapita ku Chelstone kukaona mlongo wanga. Ndinapeza mwana wake wamwamuna, wa Giredi 8, atakhala pakhonde, maso ali pa foni, zala zikuthamanga ngati za woimba kalimba. Anali pa masewera aja oomberana mfuti, akufuulira anzake amene ine sindinkawaona: "Ambush! Ambush! Cover me!" Nditamufunsa kuti ambush n'chiyani m'Chinyanja, anadzutsa mutu pang'ono chabe.

"Amalume, ambush ni ambush," anatero, n'kubwerera ku nkhondo yake.

Sindinamudzudzule. Chizungu cha nkhondo akuchidziwa kuposa mmene ine ndinkachidziwira pa msinkhu wake, ndipo ndi mwai wake kuti anachipeza pa foni. Koma ndili m'minibasi pobwerera m'tauni, mau omwewo anayamba kundizungulira m'mutu, chifukwa ine anandipeza mwa njira ina.

Munali mu 1978, temu yachitatu, ndili Giredi 6 pa sukulu ina ya pulaimale ku Kabwata. Aphunzitsi athu a Chizungu anali ndi chizolowezi cholemba mau pa bolodi Lolemba lililonse, kuti pofika Lachisanu tikhale titapeza matanthauzo ake. Sabata lina analemba za kumsika, lina za kuchipatala. Sabata limenelo analemba za nkhondo: battle, ambush, retreat, surrender, trench, raid, casualty, ceasefire. Kunyumba kwathu kunalibe dikishonale. Buku lalikulu linali Baibulo basi. Koma kunali ambuya, atate ao a amai anga, nkhalamba ya ku Katete imene inkagwira nchito ya ulonda usiku pa nyumba ina kumayadi ku Kabulonga, masana n'kumagona pa mkeka pansi pa mtengo wa mango. Chizungu cholemba sankachitha. Ndinapita kwa iwo chifukwa chosowa kolowera, osati chifukwa ndinkayembekeza kanthu.

Ndinawawerengera mau oyamba. Sanatsegule n'komwe maso.

"Ambush ndi kulalira," anatero. "Wolalira satsokomola. Ngakhale linthumbu limulowe m'kabudula, amangoti phee."

"Nanga retreat, ambuya?"

Apa anadzuka, nakhala tsonga, naseka mpaka kutsokomola.

"Kuthawa, mdzukulu wanga. Lemba kuti kuthawa. Koma usakanene choncho pamaso pa mzungu wa nyenyezi paphewa. Iwo aja sathawa. Amachita withdraw."

Tsiku limenelo ndi limene ndinamva koyamba dzina lakuti Tug Argan. Zambiri zimene ndilembe apa ndinadzaziwerenga nditakula, chifukwa ambuya ankangodontheza nkhani pang'onopang'ono ngati mpopi wakutha. Mu 1933 boma la atsamunda linapatula asilikali ku gulu la apolisi n'kupanga Northern Rhodesia Regiment. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, gululi linakula mpaka mabataliyoni 8, ndipo anyamata ochuluka anatengedwa m'midzi, ena mofuna, ena chifukwa mfumu yalamulidwa kupereka anthu. Bataliyoni yoyamba inatumizidwa ku British Somaliland. Kumeneko, kuyambira pa 11 mpaka pa 15 Ogasiti 1940, inali pakati pa magulu amene anaikidwa pa timapiri ta miyala totchinga mpata wa Tug Argan, kuti aletse asilikali a Italy kufika ku doko la Berbera. A Italy anali ochuluka kwambiri. Patatha masiku asanu Angelezi anaona kuti zakanika, anabwerera ku Berbera, nakwera zombo kupita ku Aden. Mabuku ao amati imeneyo inali withdrawal yadongosolo. Ambuya ankati anayenda usiku wonse lilime litauma ngati chikopa, ndipo sanaonepo dongosolo lililonse koma msana wa munthu amene anali patsogolo pao.

Ndikamaganiza lero, phunziro la tsiku limenelo linaposa zonse zimene zinali pa bolodi. Chinthu chimodzi chili ndi maina awiri, ndipo dzina limene lidzalowe m'buku limasankhidwa ndi amene ali ndi cholembera.

Inu amene mumakwera basi ya ku Chilenje kapena Libala, mumadutsa Burma Road tsiku ndi tsiku. Kondakitala akamakuwa dzinalo, limamveka ngati lathulathu, ngati Kamwala kapena Matero. Ine ndinakulira m'mbali mwa mseu umenewo, pafupi ndi tinyumba tozungulira tija timene atsamunda anamangira anchito aamuna, timene totsala take lero mumati Kabwata Cultural Village, ndipo mpaka zaka 12 sindinkadziwa kuti Burma ndi dziko. Ndi dziko la ku Asia, limene kuyambira 1989 limatchedwa Myanmar. Arakan, dzina la kampu ya asilikali ili pafupi ndi State House, ndi chigawo cha m'mbali mwa nyanja m'dziko lomwelo, chimene lero amati Rakhine. Mukapita ku Kabwe mukapeza Chindwin Barracks, ndipo Chindwin ndi mtsinje wa ku Burma. Ku Ndola kuli Kalewa, limene ndi dzina la tauni ya m'mbali mwa mtsinje umenewo, ndipo kulinso Tug Argan. Ku Mufulira kuli Taung-up. Kwathu ku Chipata kuli Gondar, tauni ya ku Ethiopia kumene a Italy anagonjera mu Novembala 1941. Dziko lathu lonse lili ndi mapu a nkhondo ya eni ake, olembedwa pa zipata za makampu, ndipo amene anayenda mapu amenewo ndi mapazi anali anthu ngati mlonda wa ku Kabulonga uja.

Sanabwere ndi maina a malo okha. Chilankhulo cha apolisi ndi asilikali a Northern Rhodesia chinali Chinyanja. Msilikali kaya ndi Mbemba, kaya Mlozi, kaya Mwila, akalowa m'kampu ankaphunzira Chinyanja, ndipo akuluakulu achizungu nawonso ankayenera kuchiphunzira kuti amvane ndi anthu ao. Likulu la dziko litasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, makampu anabwera ndi chilankhulo chao. Si chifukwa chokhacho chimene Lusaka amalankhulira Chinyanja, pakuti anthu akum'mawa anadzanso ambiri kudzafuna nchito, koma ndi chimodzi mwa zifukwazo. Malamulo a pa pelete okha ndi amene ankaperekedwa m'Chizungu, ndipo Chizungu chimenecho chinatsetsereka kulowa m'kamwa mwathu. Sajeni, kopolo, kaputeni, kampu, bomba, pelete yemweyo. Kumapeto kwa mwezi mukamafunsana kuti "Wafola?" mukulankhula Chizungu cha sajeni: fall in, kutanthauza kuima pa mzere, monga ankaimira asilikali ndi anchito a m'migodi polandira malipiro. Koma pali bodza limodzi limene ndimalimva kawirikawiri, ngakhale kwa anthu ophunzira, lakuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration. Iai. Boma ndi mau akale a Chiswahili otanthauza linga kapena khola lotchingidwa, ndipo analipo Mngelezi asanamange ofesi ngakhale imodzi kuno. Si chilichonse chimene tinachita kubwereka. Tinali nawo athu mau a nkhondo, kulalira, kuzinga, kugonja, linga, chishango, ndipo Angoni a Mpezeni anawagwiritsa nchito onse mu 1898 asanagonje ku mfuti za Angelezi.

Pa mndandanda wa aphunzitsi aja, mau amene ambuya anakana kundimasulira anali casualty. Ine ndinkaganiza kuti ndikuwadziwa kale. Mwana aliyense wa ku Kabwata ankadziwa kuti casualty ndi khomo la ku UTH kumene amakutengera ukathyoka dzanja pa mpira. Ndinawauza choncho. Iwo anangoti, "Lemba zomwezo," n'kugonanso.

Patapita masiku ndi pamene anadzandiuza okha, tikukazinga chimanga. Mu 1944 bataliyoni yao inali mu 11th East African Division, gulu la asilikali a ku Kenya, Uganda, Tanganyika, Nyasaland ndi Northern Rhodesia limene linalamulidwa kutsata a Japan m'chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yamphamvu ya kumeneko. Chigwacho chinali ndi mbiri ya malungo ndi matenda ena a m'tchire, kotero kuti asilikali ankachitcha chigwa cha imfa. Miseu inasanduka phala, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Anafika ku Kalewa, m'mbali mwa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala. Madzulo alionse, anatero ambuya, mkulu wa gulu ankatumiza chiwerengero kumbuyo. Wophedwa, wolasidwa, wosowa, onse ankalowa m'thumba limodzi lotchedwa casualties.

"Mnzanga wa ku Petauke tinkadyera mbale imodzi," anatero. "M'mawa anali munthu. Madzulo anali wanu casualty."

Anatchula wanu uja ngati sajeni powerenga, one, ndipo sanapitirize. M'kachitini ka fodya ankasungamo mendulo, ina yooneka ngati nyenyezi, imene ndinadzadziwa pambuyo pake kuti ndi Burma Star. Atabwera ku nkhondo analandira kandalama kochepa poyerekeza ndi ka asilikali achizungu, nabwerera ku khasu, kenaka ku ulonda. Mwezi wa Novembala akuluakulu akamasonkhana pa chipilala cha chikumbutso pa Independence Avenue, iwo sankapitako. Ankati ali ndi tulo.

Tsopano mumvetse kuti pamene tinkaloweza mau amenewa, nkhondo sinali ya m'mabuku. Akuluakulu amati nkhondo ndi anansi, ndipo ife mnansi wathu anali Rhodesia wa Ian Smith. Lusaka anali mudzi wa othawa kwao ndi omenyera ufulu: ZAPU, ZANU, ANC, SWAPO. Maofesi ao ena anali pa Liberation Centre, mu Chilimbulu Road, mtunda woti mwana wa ku Kabwata n'kuyenda pansi. Oliver Tambo ankakhala ku Chelstone komwe kuja, m'nyumba imene mu 2017 inasandutsidwa malo a chikumbutso. Pa 18 Malichi 1975, bomba lotcheredwa m'galimoto linapha Herbert Chitepo, mtsogoleri wa ZANU, pa nyumba yake ku Chilenje South. Choncho mau akuti bomba sitinawaphunzire kwa aphunzitsi.

Koma raid tinaiphunzira pa Lachinayi, pa 19 Okutobala 1978, milungu yochepa chilembereni mau aja m'makope. Tinali m'kalasi m'mawa pamene tinamva kugunda kwakutali, cha kumpoto, ngati mabingu a mvula yoyamba. Kunja kunali dzuwa la Okutobala lopanda kamtambo. Aphunzitsi anasiya kulemba, choko chili m'manja, namvetsera. Ndege za Rhodesia zinali kuponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, pa famu yotchedwa Westlands, umene eni ake ankautcha Freedom Camp. Kunali kubwezera: pa 3 Seputembala asilikali a ZIPRA, gulu lankhondo la ZAPU, anali atagwetsa ndege ya Air Rhodesia yonyamula anthu wamba pafupi ndi Kariba, ndipo ena mwa opulumuka anaomberedwa pansi. Tsiku lomwelo la Chikumbi, a Rhodesia anakanthanso msasa wa ku Mkushi, kumene kunali atsikana ambiri.

Titaweruka, ine ndi anzanga awiri sitinapite kunyumba. Tinatsata phokoso la ma ambulansi mpaka ku Nationalist Road. Sanali ma ambulansi okha. Malole, mavani, magalimoto a anthu wamba, zonse zinkakhotera pa chipata cha UTH, zina zitseko zili pululu, miyendo ikulendewera kunja. Ndinaona mnyamata wina kumbuyo kwa lole, wosasiyana kwenikweni msinkhu ndi mkulu wanga, atagwira pamimba ndi manja onse awiri, maso ali gwa kumwamba. Wapolisi anatithamangitsa. Madzulo wailesi inapempha anthu kukapereka magazi, ndipo amai anavala chitenge napita. Joshua Nkomo ananena kuti ku Chikumbi kokha kunafa anthu oposa 200, ovulala mazanamazana. Khomo lija la ku chipatala ndi thumba lija la ambuya zinakumana tsiku limenelo, ndipo sindinafunikirenso munthu wondimasulira.

Pali chinthu china cha tsiku limenelo chimene ndimafuna aliyense wophunzira Chizungu atachidziwa. Mabomba akugwa, woyendetsa ndege amene ankatsogolera gululo, Chris Dixon, amene ankadzitcha Green Leader, analankhula pa wailesi ndi oyang'anira ndege pa bwalo la Lusaka. Anawauza kuti akadziwitse mkulu wa bwalo la ndege za nkhondo ku Mumbwa kuti iwo alibe mlandu ndi Zambia, abwerera adani ao a ku Rhodesia okha, koma ndege iliyonse ya nkhondo ya Zambia ikangonyamuka adzaigwetsa. Mau ake anajambulidwa, ndipo a Rhodesia anawaulutsa monyadira. Ndinadzawamva nditakula. Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi ulemu wake. Ndi Chizungu chosalala, chodekha, chonga chimene aphunzitsi ankatikwapulira kuti tizilankhula. Anthu amene ndinawaona pa lole iye ankawatcha terrorists. Nyuzipepala zathu zinkati freedom fighters. A ZAPU ankati ambiri mwa akufawo anali refugees. Manyuzipepala akunja ofuna kuoneka osakondera ankati guerrillas. Mnyamata mmodzi wogwira pamimba, maina anai. Ndinakumbuka withdraw wa ambuya.

Pambuyo pake mau anayamba kubwera okha, osadikira Lolemba. Curfew: ikakwana nthawi yoikika usiku, aliyense akhale m'nyumba. Mauwa, ndinadzamva, anachokera ku Chifalansa chakale, ndipo amatanthauza kuvundikira moto, zimene ndi zomwe amai ankachita ndi mbaula. Blackout: inu mumaidziwa ngati load shedding, magetsi kungozima okha, koma yathu inali yochita kulamulidwa, kuti ndege za adani zisaone kuwala kwa tauni. Tinkapachika mabulangete pa mawindo, ndipo kandulo ikaonekera panja, a chipani ankagogoda. Roadblock, pa mseu uliwonse waukulu. Ndipo trench, mau achisanu pa mndandanda uja, atate anaikumba kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chimbudzi. Ambuya anaiyendera manja ali kumbuyo ngati sajeni, nanena kuti yaongoka kwambiri, dzenje la nkhondo limafunika kukhotakhota kuti chophulika chikagwera mbali imodzi chisasese onse. Atate, amene anali kalaliki ndipo manja anali atatuluka kale matuza, anayankha mwaulemu wa mkamwini kuti adzakonza Loweruka. Loweruka limenelo silinafike.

Chifukwa cha curfew, ambuya ankanyamuka dzuwa likadalipo kupita ku Kabulonga, pansi, kudzera ku Woodlands. Usiku wa pa 13 Epulo 1979, kutacha kukhala Lachisanu Loyera, tinadzidzimuka ndi kulira kwa mfuti ndi kuphulika kumene kunagwedeza mbale m'kabati. Asilikali a Rhodesia anali atalowa m'tauni pa magalimoto a Land Rover opakidwa utoto ngati a kuno, nakaphwasula nyumba ya Nkomo, pafupi ndi State House ndi Arakan Barracks yomwe. Nkomo sanamupezemo. Usiku womwewo anaphulitsanso Liberation Centre, ndipo kumeneko ndiye kunali pakhomo pathu penipeni. Tinagona pansi pa bedi, osati mu trench ya atate, imene inali itadzaza madzi a mvula ndi achule. Amai sanagone, mtima uli kwa atate ao amene anali yekha pa geti la eni ake ndi chibonga. Anafika m'mawa monga mwa masiku onse, napempha tiyi. Nditawafunsa ngati anaopa, anati anangomvetsera, ndipo anadziwa kuti mfuti zina zinali za anthu odziwa chimene akuombera, zina za anthu ongoombera mdima.

Mu Novembala chaka chomwecho a Rhodesia anagwetsa milatho ingapo, umodzi wa iyo wa pa Chongwe, pa Great East Road, mseu wopita kwathu. Apo ndi pamene tinamva mobilisation, pamene Kenneth Kaunda anaitana onse amene anaphunzirapo za usilikali, ndi anyamata a National Service omwe. Mkulu wanga anapita, nadzabwera ataonda, osaombera munthu. Mau ena anadzabwera mochedwa, monga coup, amene tonse tinkawatchula molakwika mpaka m'mawa wa pa 30 Juni 1990 pamene Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma, zimene zinatha maola ochepa chabe. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mau omaliza pa bolodi lija anali ceasefire. Anafika pa 21 Disembala 1979, pamene Nkomo, Robert Mugabe ndi boma la ku Salisbury anasaina pangano ku Lancaster House mu London. Ndinathamangira kwa ambuya ndi nyuzipepala, ndikudzimva kuti tsopano ndine mphunzitsi.

"Ambuya, ceasefire! Ndiye kuti nkhondo yatha!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Cease fire ndimaidziwa," anatero. "Sajeni amakuwa choncho mukamaphunzira kuombera. Ndiye kuti chotsa chala. Sananene kuti tula mfuti."

Anansi athu anachotsa mabulangete pa mawindo sabata lomwelo, kuti adye Khirisimasi poyera. La pa windo la chipinda chimene ndinkagona ndi ambuya linakhalabe. Amai akafuna kulichapa, iwo ankalibwezera pomwepo lisanaume bwino. Analitsitsa okha pa 18 Epulo 1980, tsiku limene Zimbabwe inalandira ufulu, nalipinda, naliika kumutu kwa mkeka wao. Dzenje la atate tinalikwirira ndi zinyalala ndi phulusa, ndipo amai anabzalapo chibwabwa.

Ambuya anamwalira mu 1984, ku Katete. Kachitini ka fodya kaja kali ndi mlongo wanga, m'kabati ya mbale za alendo, m'nyumba yomwe ija ya ku Chelstone. Ndamuimbira foni kuti Loweruka likubwerali akatulutse, ndipo mnyamata uja asapite kulikonse.